Wilder Penfield ndi odwala khunyu amene anamuthandiza kujambula mapu a ubongo

Wodwala wagona chammbali pa tebulo la opaleshoni mumzinda wa Montreal, ku Canada. Tsitsi lametedwa, khungu la m'mutu alibaya mankhwala a dzanzi, fupa la chigaza alicheka n'kulitsegula ngati chitseko, ndipo ubongo uli poyera, ukugunda pang'onopang'ono motsatira mtima. Koma munthuyo ali maso. Nsalu zamuphimba mutu, nkhope yokha ili pamtunda, ndipo pafupi naye pakhala munthu wocheza naye. Ubongo pawokha sumva kuwawa, choncho dokotala akhoza kuukhudza mwiniwake akuyankhula.

Dokotalayo watenga kawaya kopyapyala kodutsa magetsi ochepa kwambiri. Wagunda malo ena, n'kufunsa wodwala chimene wamva. Wodwala akuti chala chachikulu chachita dzanzi. Pamalopo dokotala waikapo kapepala kakang'ono kolembedwa nambala. Wasuntha pang'ono, wagundanso, mlomo wagwedera wokha, kapepala kena. Kuseri kwa galasi kuli mlembi amene akulemba nambala iliyonse ndi yankho lake. Pomaliza, ubongo wadzaza timapepala ngati munda wozikidwa zikhomo, ndipo aujambula chithunzi.

Dokotala ameneyu ndi Wilder Penfield, ndipo ntchito yotereyi anaigwira kwa zaka zoposa 30. Zambiri zimene mabuku a sukulu amaphunzitsa lero, zoti mbali iyi ya ubongo imayendetsa dzanja, iyi lilime, iyi mawu, zinatsimikizika pa tebulo limeneli. Amene ankapereka mayankho anali anthu odwala khunyu, omwe pa nthawiyo, ku Ulaya ndi ku America komwe, ankasalidwa, kutsekeredwa m'nyumba zapadera, ndipo m'madera ena malamulo ankawaletsa kukwatira.

Mwana wa dokotala amene ntchito inamukanika

Penfield anabadwa pa 26 Januwale 1891 ku Spokane, m'chigawo cha Washington ku America. Bambo ake anali dokotala, koma mtima wawo unali kutchire kokasaka nyama, ndipo ntchito inalowa pansi. Mu 1899 mayi ake, a Jean Jefferson Penfield, anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Hudson, m'chigawo cha Wisconsin. Mayiwa ndi amene anaumba mwanayo. Iye ali ndi zaka 13, iwo anamva za thandizo la maphunziro la Rhodes, lotumiza achinyamata ku Oxford, ndipo anamuuza kuti limeneli ndi lake. Ndalama za thandizoli zinachokera ku chuma cha Cecil Rhodes, yemwe analemera ndi migodi ya kummwera kwa Africa kuno, yemwe uja dzina lake linapatsidwa ku maiko amene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe.

Anaphunzira ku yunivesite ya Princeton, komwe anatchuka ndi mpira wa chimereka, n'kumaliza mu 1913. Thandizo la Rhodes analipeza ndithu, ndipo mu 1915 anali ku Merton College ku Oxford. Kumeneko anakumana ndi anthu awiri amene sanawaiwale mpaka ukalamba. Woyamba anali Charles Sherrington, katswiri wofufuza mmene mitsempha imatumizirana mauthenga, yemwe anamuonetsa kuti ubongo ndi dziko lomwe silinayendedwebe. Wachiwiri anali William Osler, dokotala wa ku Canada amene ankaumirira kuti udokotala umaphunziridwa pambali pa bedi la wodwala.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali mkati. Pa 24 Malichi 1916, Penfield anakwera sitima yotchedwa Sussex kuti awoloke nyanja kupita ku France kukathandiza pa chipatala cha ovulala. Sitima yankhondo ya Germany yoyenda pansi pa madzi inaiphulitsa. Iye anapulumuka koma mwendo unavulala kwambiri, ndipo anakachirira kunyumba kwa Osler. Mu 1917 anakwatira Helen Kermott, ndipo mu 1918 analandira digiri ya udokotala ku Johns Hopkins. Atagwirako ntchito ku Boston, ku chipatala cha Harvey Cushing, tate wa maopaleshoni a ubongo ku America, ndiponso ku National Hospital ya ku Queen Square mu London, mu 1921 anakakhazikika ku Presbyterian Hospital mumzinda wa New York.

Funso la chipsera

Nthenda imene Penfield anadzapereka moyo wake wonse kuifufuza ndi yakalekale. Zaka pafupifupi 400 Yesu asanabadwe, buku lina la gulu la Hippocrates linali litatsutsa kale zoti khunyu ndi nthenda ya milungu, n'kunena kuti gwero lake ndi ubongo. Komabe panadutsa zaka zoposa 2,000 kuti wina afotokoze bwino chimene chimachitika. John Hughlings Jackson, dokotala wa ku London, anaona kuti odwala ena amayamba kugwedera chala, kenako dzanja, mkono, mpaka nkhope, nthawi zonse mwa dongosolo lomwelo. Iye anati khunyu ndi kutakasika kwadzidzidzi komanso kopyola muyeso kwa maselo a malo amodzi a ubongo, kumene kumafalikira ngati moto wolusa m'tchire la chilimwe. Ngati moto uli ndi poyambira, poyambirapo pakhoza kupezeka. Mu 1886 Victor Horsley anachotsa chipsera mu ubongo wa mnyamata wina ku Queen Square, ndipo kugwa kunaleka. Koma maopaleshoni otere anali osowa ndi oopsa. Mankhwala nawo anali ochepa: bromide amene anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1857, ndi phenobarbital wa mu 1912.

Ku New York, Penfield ankadzifunsa chifukwa chimene munthu wovulala m'mutu amayambira kugwa patapita miyezi kapena zaka, bala litapola kale. Yankho linali m'chipsera, koma utoto umene ankapaka tizidutswa ta ubongo kuti tioneke pa maikulosikopu sunkaonetsa bwino maselo amene amapanga chipseracho. Mu 1924 anatenga banja lake n'kupita ku Madrid kwa Pío del Río-Hortega, amene anali ndi njira yopaka maselowa ndi siliva. Dokotala wa maopaleshoni kusiya mpeni miyezi ingapo n'kukakhala pa benchi ya labotale, anzake ena anachiona chachilendo. Koma safunsa anadya phula.

Mu 1928 anapita ku Breslau, mzinda womwe pa nthawiyo unali mu Germany ndipo lero ndi Wrocław ku Poland. Kumeneko kunali Otfrid Foerster, dokotala amene anasamalirapo Lenin pa matenda ake omaliza. Foerster ankachita opaleshoni asilikali akale amene anayamba kugwa khunyu chifukwa cha mabala a zipolopolo, ndipo ankatero wodwala ali maso, akugunda ubongo ndi magetsi kuti adziwe podula ndi posiya. Penfield anapima zipsera zimene Foerster anasunga, n'kuona mmene chipsera chimakokera minofu ndi mitsempha ya magazi yoyandikana nacho. Anabwerako ndi zinthu ziwiri, chifukwa chochitira opaleshoni ndi njira yake.

Mchemwali wake pa tebulo

Chaka chomwecho anasamukira ku Montreal, ku chipatala cha Royal Victoria ndi yunivesite ya McGill, ataitanidwa ndi dokotala wa kumeneko Edward Archibald. Anapita ndi mnzake William Cone, dokotala wosatopa yemwe anagwira naye ntchito zaka zoposa 30. Asanakhazikike n'komwe, mu Disembala 1928, kunabwera wodwala amene dokotala aliyense sangafune kumuona pa tebulo lake: mchemwali wake Ruth, yemwe anakhala akudwala mutu ndi kugwa kuyambira ali mtsikana. Anamupeza ndi chotupa kutsogolo kwa ubongo, mbali ya kumanja. Penfield mwiniyo ndiye anachita opaleshoniyo. Anachotsa gawo lalikulu la ubongo wa pachipumi, magazi anataika ambiri, koma chotupa chinali chitazika mizu mkati moti sanathe kuchimaliza.

Ruth anadzuka, anabwerera kwa mwamuna wake ndi ana ake, ndipo pocheza naye palibe akanadziwa kuti china chachoka. Chimene chinachoka chinaonekera kukhitchini. Patapita miyezi 15, Penfield anakamuchezera, ndipo Ruth anafuna kuphikira mlongo wake ndi a m'banjamo chakudya chamadzulo wamba. Tsiku lonse ankaliyembekezera mokondwa. Nthawi yodya itakwana, zophika zonse zinalipo, mphika umodzi kapena iwiri ili pamoto, koma nyama inali isanayambidwe, masamba asanakonzedwe, iye atasokonezeka. Chilichonse pachokha ankatha kuchichita. Chimene chinatayika ndi luso losanja kuti ichi chiyambe, icho chitsatire. Penfield analemba zimenezi m'magazini ya madokotala, ndipo mpaka lero zimatchulidwa pofotokoza ntchito ya ubongo wa pachipumi. Chotupa chinameranso, Cushing anachitanso opaleshoni ina, koma Ruth anamwalira mu 1931.

Imfayi inakulitsa maganizo amene anali nawo kale, oti mutu umodzi susenza denga. Ankafuna nyumba imodzi momwe dokotala wa mitsempha, dokotala wa maopaleshoni, wopima minofu ndi wofufuza za m'labotale azigwirira ntchito limodzi, wodwala ali pakati pawo. Bungwe la Rockefeller Foundation linapereka madola opitirira 1.2 miliyoni, boma la Quebec, mzinda wa Montreal ndi anthu ena akufuna kwabwino anawonjezerapo, ndipo pa 27 Seputembala 1934 Montreal Neurological Institute inatsegulidwa m'munsi mwa phiri la Mount Royal. Chaka chomwecho Penfield anakhala nzika ya Canada.

Kusaka poyambira moto

Odwala khunyu ambiri amadziwa kuti atsala pang'ono kugwa. Wina amamva fungo limene ena sakulimva, wina kanthu kokwera kuchokera m'mimba, wina mantha opanda chifukwa. Kalambulabwalo ameneyu ndiye anali mlozo wa Penfield. Ankagunda malo ndi malo mpaka wodwala atanena kuti ndi zomwezo, ndi mmene zimayambira. Pamenepo ankadziwa kuti wafika pafupi ndi gwero. Anthu a ku Canada amakumbukira zimenezi kudzera m'kafilimu kakafupi ka pa wailesi yakanema ka mu 1991, kosonyeza mayi amene akumva fungo la buledi wopserera dokotala atakhudza malo oyenera.

Kupeza podula inali theka chabe la ntchito. Theka linalo linali kudziwa posadula. Ankaonetsa wodwala zithunzi kuti azitchula maina ake, kapena kumuwerengetsa manambala. Kawaya kakagunda malo a mawu, munthu ankangoti kakasi, chinthu akuchiona, akuchidziwa, koma dzina osatuluka. Kakachoka, dzina n'kubwera. Malo oterowo ankawasiya.

Mu 1937 anakumana ndi Herbert Jasper, amene ankadziwa kugwiritsa ntchito makina a EEG, ojambula mafunde a magetsi a ubongo, omwe Hans Berger wa ku Jena anawalengeza mu 1929. Jasper anasamukira ku Montreal, ndipo labotale yake inatsegulidwa mu 1939. Tsopano gwero la khunyu linkatha kuonekera pa pepala chigaza chisanatsegulidwe, ndipo pa opaleshoni mawaya ankaikidwa pa ubongo penipenipo, Jasper ali kuseri kwa galasi kuwerenga mizere. Njira yonseyi inadziwika ndi dzina la mzinda wa Montreal, ndipo buku limene awiriwa anatulutsa mu 1954, Epilepsy and the Functional Anatomy of the Human Brain, linakhala mwala wa pangodya wa ntchitoyi.

Timapepala ta manambala tija, titasonkhanitsidwa kuchokera kwa odwala ambiri, tinabala mapu. Mu 1937 Penfield ndi wophunzira wake Edwin Boldrey anaonetsa kuti ziwalo za thupi zinandandalikidwa pa kamzere ka ubongo kotsika kuchokera paliwombo kulowera kukhutu: phazi pamwamba, kenako mwendo, thunthu, mkono, dzanja, nkhope, lilime pansi. Malo sanagawidwe molingana ndi kukula kwa chiwalo. Msana wonse uli ndi kamalo kochepa, pamene chala chachikulu ndi milomo zatenga dera lalikulu, pakuti ndi zimene zimagwira ntchito yofuna luso. Wojambula Hortense Cantlie anasandutsa zimenezi kukhala chithunzi cha kamunthu ka manja akuluakulu ndi milomo yotupa, kotchedwa homunculus, komwe wophunzira udokotala aliyense amakadziwa.

Nyimbo m'mutu, kuseka kwa kumudzi

Zodabwitsa kwambiri zinachokera ku mbali ya ubongo ya m'litsipa, pamwamba pa khutu, imene madokotala amaitcha temporal lobe. Mayi wina, wolembedwa m'mabuku ndi zilembo D.F., kawaya katagunda malo ena anamva gulu la oimba likuimba nyimbo. Kakachotsedwa, nyimbo inkaleka; kakabwezedwa, inkayambiranso yomweyo, ndipo iye ankaing'ung'udza motsatira. Anakhulupirira kuti m'chipindamo wina akuliza galamafoni. Mnyamata wina wochokera ku South Africa, J.T., anafuula kuti akumva abale ake akuseka pa famu ya kwawo, chonsecho akudziwa bwino lomwe kuti wagona pa tebulo ku Montreal.

Penfield anaganiza kuti wapeza nkhokwe imene ubongo umasungamo chilichonse chimene munthu anaonapo ndi kumva, ngati tepi yongofuna kuiliza. Apa anathamanga. Lipoti limene iye ndi Phanor Perot anatulutsa mu 1963 linaonetsa kuti mwa odwala 1,132, zoterezi zinachitika kwa 40 okha, onse pogundidwa mbali ya m'litsipa. Zina mwa zimene ankamva zinali ngati maloto, zosakanikirana, zina zoti sizikanachitika mmene ankazionera. Ofufuza a pambuyo pake, kuphatikizapo Pierre Gloor wa pa Montreal pomwepo, anapeza kuti timagawo ta mkati mwenimweni mwa ubongo timakhudzidwa kwambiri pa zimenezi, ndipo akatswiri lero amati kukumbukira n'kumanganso nkhani, osati kuliza tepi. Ngakhale kamunthu ka manja akuluakulu kaja kakonzedwanso: kafukufuku wa mu 2023 wa ku Washington University ku St. Louis anapeza kuti pakati pa madera a phazi, dzanja ndi kamwa pali timadera tina togwirizanitsa thupi lonse.

Phunziro lowawa linabwera ndi odwala awiri, P.B. ndi F.C. Onse anachotsedwa gawo la m'litsipa mbali imodzi yokha, ya kumanzere, monga ankachitira ndi ena ambiri popanda vuto. Koma awiriwa atachira sankathanso kusunga chinthu chatsopano. P.B., yemwe anali injiniya, nzeru zake zinali zonse, koma zimene zachitika mphindi zochepa zapitazo zinkafufutika. Amene anapima vutoli mosamala anali Brenda Milner, yemwe anayamba kugwira ntchito ndi odwala a Penfield mu 1950. Iye ndi Penfield anaganiza kuti kagawo kotchedwa hippocampus ka mbali inayo kanali kowonongeka kale mosadziwika, choncho opaleshoni inachotsa kokhako kamene kanatsala. P.B. atamwalira patapita zaka, kupima ubongo wake kunatsimikiza zimenezo.

Penfield sanabise. Analengeza za odwala awiriwa pa msonkhano wa madokotala, ndipo William Scoville wa ku Hartford, amene mu 1953 anachotsa timagawoti mbali zonse ziwiri kwa mnyamata wodwala khunyu wodziwika kuti H.M., anamuimbira foni kunena kuti nayenso waona zomwezo. Milner anapita kukamupima H.M., ndipo lipoti lake ndi Scoville la mu 1957 linatsegula sayansi yamakono ya kukumbukira. Kuyambira pamenepo madokotala anayamba kupima kaye ngati mbali yotsalayo ingathe kusenza ntchito. Njira ya Juhn Wada wa ku Japan, yogonetsa theka la ubongo kwa mphindi zochepa ndi mankhwala obayira mumtsempha wa m'khosi, inakhazikika ku Montreal chifukwa cha zosowa zoterezi.

Atasiya mpeni

Cone anamwalira mu 1959, ndipo mu 1960 Penfield anatula pansi udindo wotsogolera Montreal Neurological Institute, n'kusiyira Theodore Rasmussen. Sanakhale manja lende. Anali atalemba kale buku la nthano zakale lonena za Abrahamu, ndipo anatulutsanso lina lonena za Hippocrates. Analimbikitsa kuti ana aziphunzira chiyankhulo chachiwiri akadali aang'ono, ubongo usanakhwime, nkhani yomwe inali ndi tanthauzo lalikulu ku Quebec kumene Chifalansa ndi Chingerezi zimakhalira limodzi. Mu 1965 anakhala pulezidenti woyamba wa Vanier Institute of the Family.

Funso limodzi linamutsata mpaka kumapeto. Akagunda ubongo dzanja n'kusuntha, wodwala ankakana kuti si iye wasuntha, wasunthitsa ndi dokotala, ndipo ena ankaligwira ndi dzanja linalo kuti lileke. Kawaya kankatha kusuntha chiwalo, kutseka mawu, kuutsa nyimbo, koma Penfield sanapeze malo amene akawagunda munthu n'kusankha kapena kukhulupirira kanthu. M'buku lake la mu 1975, The Mystery of the Mind, anafika ponena kuti mwina maganizo a munthu sangafotokozedwe ndi ubongo wokha. Asayansi ambiri sanagwirizane naye, ndipo mtsutsowo ulipobe. Anamwalira ndi khansa pa 5 Epulo 1976, ali ndi zaka 85, atangomaliza kulemba mbiri ya moyo wake, No Man Alone, yomwe inatuluka mu 1977.

Umboni wosatsutsika woti opaleshoni yake imathandiza unabwera iye atapita. Mu 2001, ofufuza a ku London ya ku Ontario anagawa odwala 80 a khunyu ya m'litsipa yosamva mankhwala m'magulu awiri. Patatha chaka, 58 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni anali atasiya kugwa kotaya nako chidziwitso, poyerekeza ndi 8 mwa 100 alionse a gulu la mankhwala okha.

Opaleshoni ndi ya ochepa. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, WHO, limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, pafupifupi 80 mwa 100 alionse ali m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, ndipo mpaka 70 mwa 100 alionse akhoza kusiya kugwa atapimidwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. Zipsera zimene Penfield ankaziona pa maikulosikopu kwathu kuno zimabwera ndi ngozi za pamsewu, mavuto a pobadwa, mphutsi za njoka za m'mimba zochokera ku nkhumba, ndi malungo a mu ubongo. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2010, anaonetsa kuti ana opulumuka malungo otere amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzayamba kugwa. Amene anaona ubongo wa wodwala khunyu ndi maso ake kwa zaka 30 sanapezemo chiwanda kapena chopatsirana ndi thovu la kukamwa. Anapezamo chipsera, chotupa, kapena kadera ka maselo otakasika mopyola.

Ku Montreal lero kuli msewu wotchedwa Avenue du Docteur-Penfield, wodutsa m'mbali mwa yunivesite ya McGill. Dzina la dokotala lili pa chikwangwani. Anzake amene anagona maola ambiri chigaza chili chotsegula, akuyankha moleza funso lomwelomwelo lakuti wamva chiyani, m'mabuku anatsala ndi zilembo ziwiri zokha: D.F., J.T., P.B., F.C. Dokotala ankadziwa pamene waika kawaya, koma chimene chili pamenepo ankachidziwa ndi iwowo.